Nyanja Ikaphwa, Mbewu Imatsala M'maiwe

Mdzukulu wanga wina, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi wachiwiri, anabwera pa holide yapitayi ndi nkhani imene inkamuyabwa pakamwa. Anzake a kukoleji amusankha kukhala wapampando wa gulu la mapemphero la ophunzira. Anatsika pa kabaza fumbi la msewu wa ku Kachulu lili mbuu m'mutu, ndipo asanalandire n'komwe madzi akumwa anayamba kundiyalira mapulani ake: kiyibodi yatsopano, masipika awiri akuluakulu, mlaliki wotchuka wochokera ku Blantyre, mapemphero a usiku wonse mwezi ndi mwezi.

"Agogo," anatero, "pofika kumapeto kwa semesita ndikufuna holo ija izidzaza, ena azichita kusuzumira pawindo."

Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Mwana akabwera ndi moto wotere sumuthira madzi pakhomo, umayamba wamupatsa nsima. Agogo ake aakazi anamuphikira matemba, anadya, anagona. Kutacha ndinamutenga kupita naye kudoko. Zimene ndinamuuza kumeneko ndi zimene ndalemba pano, poti ndikudziwa kuti ku Zomba kuno, ndi kwina konse kumene kuli makoleji, alipo anyamata ndi atsikana ambiri amene asenzetsedwa mtolo womwewu popanda wowapingira nkhata.

Ndiyambe ndi nyanja, chifukwa idandiphunzitsa zambiri kuposa kosi ya uphunzitsi. Chilwa ndi nyanja yachilendo. Mitsinje imathiramo, Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina, koma wotulukamo palibe ndi umodzi womwe. Ndi yosaya, moti m'malo ambiri bwato amangolikankha ndi mtengo wautali. Mvula ikanyanyala zaka ziwiri zitatu zotsatizana, madzi amayamba kubwerera m'mbuyo, kenaka n'kuphweratu. Ine ndidaiona ikuphwa mu 1968 ndili mnyamata wa kupulayimale. Ndidaionanso mu 1995 ndili ndi ana angaanga, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, mabwato atagona chafufumimba pa dothi long'aluka. Mu 2012 idachepa kwambiri, ndipo mu 2018 idangotsala pang'ono kutheratu. Nthawi zonsezi ankapezeka onena kuti basi, makumba ndi matemba tatsanzikana nawo.

Koma madzi saiwala khwawa. Mvula itabwerera nyanja idadzaza, ndipo pasanapite zaka zambiri nsomba zidayambanso kugwidwa. Zidachokera kuti? Zidatsala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'matsiriro mwake, timadzi tamatope tomwe wapaulendo sakadatiwerengera n'komwe. Mu 1995 mafumu a kuno pamodzi ndi a nthambi ya za nsomba adaliona limeneli, ndipo adaletsa kuthira katupe ndi kukoka makoka m'malo amenewo. Anthu adang'ung'udza, njala ili m'nyumba nsomba zikuoneka ndi maso. Koma akadazidya nthawi imeneyo, lero pa Kachulu bwenzi pali ziii.

Ndinamuuza mdzukulu wangayo kuti koleji ndi Chilwa wachiwiri. Chaka ndi chaka mitsinje imathira: ana ochokera ku Chitipa, ku Nsanje, ku Mchinji, ku Mayaka, ena okulira m'kwaya, ena m'Sande sukulu, ena osadziwa ndi khomo la tchalitchi lomwe. Masabata oyamba holo imadzaza yokha, poti mlendo amatsata pomwe pali anthu, ndipo wapampando amayamba kudziyesa kuti mvulayo wagwetsa ndi iye. Mayeso akayandikira madzi amabwerera. Holide ikafika nyanja yaphwa. Pakatha zaka zinayi, nkhope zimene udayamba nazo palibe ndi imodzi yomwe. Nthawi zina imaphwa mosayembekezeka: mu Malichi 2020 boma lidatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19, ndipo masipika adagona m'makatoni miyezi yambirimbiri. Amene adatuluka m'nyengo imeneyo chikhulupiriro chili chilili, mukacheza nawo sakuuzani za msonkhano waukulu. Akuuzani za anzawo awiri atatu amene ankatumizirana nawo mawu pa WhatsApp, za mayi wina wa mvano amene ankawafunsa ngati adya, za mnzawo wa chipinda chimodzi amene ankawadzutsa m'mamawa kuti awerenge Baibulo. Maiwe ndi amenewo.

Kiyibodi sindidana nayo. Nane kwaya ikaimba bwino phazi limagwedezeka lokha. Kungoti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ndaona atsogoleri ambiri akuthera mphamvu zawo zonse pa Loweruka limodzi la phokoso, Lolemba lake osadziwa ndi dzina lomwe la mwana amene anakhala mpando wa kumbuyo. Ntchito yako yoyamba, mdzukulu wanga, ndi kope ndi bolopeni. Ulembe mayina a ana a chaka choyamba, kwawo, mpingo wawo, kumene akugona. Uwagawe m'timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kagulu kalikonse kakhale ndi wamkulu wake wa chaka chachitatu. Anzathu a Katolika amati mphakati, ife ena timati mlaga, nzeru yake ndi imodzi. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Usaganize kuti ntchitoyi yayamba ndi iwe. Bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM lidakhazikitsidwa mu 1961, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi abusa ambiri amene mukuwaona lero adadutsa mmenemo ali kusekondale kapena kukoleji. A Katolika ali ndi YCS, a CCAP ali ndi CCAPSO, mipingo inanso ili ndi magulu ake. Chancellor College, imene kuyambira 2021 ikungotchedwa University of Malawi, idasamukira ku Zomba kuchoka ku Blantyre mu 1973, ndipo kuyambira pamenepo ana a eni akhala akupemphera pansi pa phiri la Zomba. Njira imene ukuyendayo ena adaipalira kale, ndiye usanayambe kulambula yako yamba wafunsa kumene iwo adakhota ndi chifukwa chake.

Nkhani imodzi ya m'mbiri imeneyi ndimafuna mtsogoleri aliyense wa ophunzira aidziwe. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kupondereza anthu, kumanga anthu popanda mlandu ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Inu ana a lero simungamvetse mantha a nthawi imeneyo. Ndende ya Mikuyu ili m'chigwa chathu chomwechi, ndipo mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor pomwepo, adali atangotulukamo mu 1991 atakhalamo kuyambira 1987 osazengedwa mlandu. Munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Kamuzu. Koma patangopita masiku ochepa chiwerengereni kalata ija, ophunzira a pa Chancellor adatuluka n'kuguba kuikira kumbuyo maepiskopiwo, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Koleji idatsekedwa. Wansembe wa ku Ireland amene ankaphunzitsa pa kolejipo, bambo Pádraig Ó Máille, adapitikitsidwa m'dziko muno chaka chomwecho. Mu Juni 1993 kudachitika riferendamu, zotsatira zake mukuzidziwa.

Ine sindikhulupirira kuti ana amenewo adalimba mtima tsiku limenelo m'mawa. Nkhanga zidapangana kusanapse. Kulimba mtima kotere kumaphikidwa pang'onopang'ono, m'zipinda, pamene anthu ochepa amakhulupirirana mpaka kuuzana zimene sangauze wina aliyense. Ndipo taonani kuti chikhulupiriro chawo chidali chokhudza ndende, malipiro a anthu ndi choonadi. Gulu la mapemphero limene limangophunzitsa mwana kupempherera galimoto ndi viza likumupunja.

Tsono ndifike pa mimba, poti apa m'pamene mtima wanga umawawa. Ophunzira ambiri masiku ano sagona m'mahositelo a sukulu. Amachita lendi ku Chikanda ndi malo ena ozungulira, atatu anayi m'kachipinda kamodzi, kuphika pa mbaula. Loni ya boma siifikira aliyense, ndipo kwa amene yawafikira siikwanira zonse. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu mu Novembala 2023, mtengo wa ufa, makala ndi sopo udakwera pomwe thumba la kholo la kumudzi lili pomwepo. Alipo ana amene amadya kamodzi patsiku n'kumanamizira kuti akusala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mwana wa kukoleji ndi wamanyazi kuposa mbewa, chifukwa kumudzi amamuona ngati bwana kale.

Ndikuuzeni mlandu wanga. Zaka zingapo zapitazo mtsikana wina wa m'dera lathu lino adasankhidwa kupita ku koleji ina. Tidamuperekeza ndi nthungululu, poti m'mudzi mwawo ndiye adali woyamba. Bambo ake adagulitsa matumba a mpunga wa faya kuti alipire fizi ya chaka choyamba. Kumeneko adalowa kwaya, ndipo amati mawu ake ankachititsa tsemwe. Chaka chachiwiri mpunga udakokoloka ndi madzi. Mwanayo adakhala miyezi itatu osalipira lendi, osauza munthu, koma Lachitatu ndi Loweruka osajomba kokonzekera nyimbo. Anzake ankadziwa kuti amaimba mawu apamwamba, koma kuti amagona ndi njala panalibe wodziwa. Amene adadziwa ndi chidyamakanda china cha galimoto, chimene chidalipira lendi yonse tsiku limodzi. Mimba itaoneka, komiti ya gulu lake idamulembera kalata yomuimitsa kuimba. Atabwerera kumudzi, ife a bwalo la akulu a mpingo tidamuitana, tidamufunsa mafunso athu aja, n'kumuimika kudya mgonero. Ine ndidali m'bwalomo, ndipo ndidavomereza.

Sindikunena kuti mwambo wa mpingo ndi wolakwika. Chimene chimandidya mpaka lero n'chakuti pa miyezi itatu ija palibe ndi mmodzi yemwe wa ife, kumudzi kapena kukoleji, amene adamuimbira foni kumufunsa kuti mwana iwe, wadya chiyani lero? Pomulanga tidapezeka tonse, mipando yosakwanira. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ife tidamukumbukira kuti ngwathu tsiku la mlandu lokha. Madzi akatayika saoleka. Mtsikanayo sukulu idathera pomwepo, ndipo tchalitchi amangochidutsa.

Ndiye iwe wapampando, usanagule sipika yachiwiri, yamba wafunsa kuti m'gulu lako ndani amene sanalipire lendi. Khazikitsani kathumba ka chifundo, ngakhale katakhala ka ufa ndi nyemba, ndipo kaziperekedwa mwakachetechete, osati kumuimika munthu kutsogolo kuti achitire umboni wa umphawi wake. Amayi athu a banki m'khonde amasonkha timakobidi tochepa n'kumagulira malata. Nanga ana ophunzira masamu a pamwamba angalephere bwanji kusunga thumba limodzi la chimanga la mnzawo? Atsikana akhale ndi amayi achikulire owadalira, aphunzitsi achikazi kapena amayi a mumpingo wa pafupi, poti zilipo nkhani zimene mtsikana sangauze mnyamata wa msinkhu wake ngakhale atakhala wopemphera chotani.

Za ndalama ndinena mwachidule. Chopereka chisagone m'thumba la wapampando ngakhale usiku umodzi, ndipo chisalowe pa nambala yako ya Mpamba kapena Airtel Money. Awiri awerenge, wachitatu alembe, mwezi ukatha gulu lonse limve. Za atsikana chimodzimodzi: uphungu wa m'chipinda chotseka usiku ulibe dalitso. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mtsogoleri akagwa amagwa ndi ana khumi amene ankamuyang'ana.

Chenjeraninso ndi alendo obwera ndi suti zonyezimira. Masiku ano kwachuluka aneneri amene amauza mwana kuti afese mbewu kuti akhoze mayeso, mwana n'kutenga ndalama ya fizi kukaponya m'mbale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kwathu mbewu timafesa m'munda wolima, ndipo munda wa mwana wa sukulu ndi buku. Ndamva za ana ochezera kuphiri usiku wonse mayeso ali mawa, kenaka n'kuwidedwa, n'kumati Satana wawazunga. Satana wake uti? Kholo lagulitsa mpunga, lagulitsa mbuzi, mwina ndi njinga yomwe, kuti iwe ukatenge digiri. Gulu la mapemphero limene mamembala ake akulephera mayeso chifukwa cha kuchuluka kwa misonkhano likubera makolo, ngakhale litamaimba aleluya. Sabata za mayeso chepetsani mapologalamu, ndipo a chaka chachinayi akhale pansi ndi a chaka choyamba kuwathandiza maphunziro. Imeneyonso ndi ntchito ya Mulungu.

Palinso china chimene atsogoleri achinyamata amachiopa: mafunso. Mwana akafika kukoleji amakumana ndi zinthu zimene Sande sukulu sidamukonzekeretse. Wa sayansi adzafunsa za chiyambi cha dziko ndi zaka zake. Wa zamalamulo adzafunsa chifukwa chimene amayi amadzaza tchalitchi koma kutsogolo kumakhala abambo. Wa mbiri adzafunsa za amishoni ndi atsamunda, ndiponso ngati mbusa John Chilembwe adachimwa kapena adachita bwino potenga zida mu 1915. Wina amene mayi ake amwalira atawapempherera usana ndi usiku adzafunsa funso loposa onsewa. Ukamuyankha kuti ali ndi chiwanda cha kukayika, sadzafunsanso, koma sadzabweranso. Safunsa adadya phula, timatero; nanga bwanji wofunsayo timamuthamangitsa? Ngati yankho ulibe, nena kuti tiye tikafunse. Zomba ndi mzinda wodala pa nkhani imeneyi. Kuli sukulu ya ubusa ya Zomba Theological, kuli seminale ya St Peter's, zonse zidatsegulidwa mu 1977, kuli koleji ya a Anglican ya Leonard Kamungu, ndipo pa yunivesite pomwepo pali nthambi ya maphunziro a zipembedzo imene idasindikiza mabuku ambiri a Kachere onena za mbiri ya Chikhristu m'Malawi muno. Anthu amene adathera moyo wawo pa mafunso amenewa mukukumana nawo mumsika wa Zomba akugula mbatata. Ndalama yolipirira mafuta a mlaliki wotchuka ingathe kuwagulira tiyi chaka chonse.

Ndipo kuyambira tsiku limene wakhala pa mpando uyambe kuyang'ana wodzakulowa m'malo. Chaka chimodzi si kanthu. M'mera mpoyamba: mwana wa chaka choyamba umupatse lero kotsegulira ndi pemphero, mawa kowerenga mawu, mkuja atsogolere kagulu. Matenda okakamira udindo ndi akale mumpingo. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876, ya Domasi kuno mu 1884, koma abusa oyamba achikuda a mishoni imeneyo, a Harry Matecheta ndi a Stephen Kundecha, adadzozedwa mu 1911, patatha zaka 35. Azungu ankati anthu sanakhwime. Mawu omwewo ndi amene ife akuluakulu timanena lero za inu, ndipo ndikuopa kuti iwenso udzawanena za ana a chaka choyamba.

Apa tsono nditembenukire kwa anzanga, akulu a mpingo, abusa, makatekisiti ndi amayi a mvano a m'midzi ya kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi kwa Mkumbira. Mitsinje imene imathira m'makoleji ndi ife. Mwana akamapita kusukulu timamupempherera Lamulungu lomaliza, n'kumuiwala. Ndi angati a ife amene timamupatsa kalata ya mpingo yoti akapereke kumene akupita? Ndi angati amene tili ndi nambala ya foni ya m'busa kapena wansembe wotumikira ophunzira kumeneko? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'zoona, koma ng'ona yaikulu imadziwa dziwe limene mwana wake wapita.

Akabwera pa holide timamulandira ndi maso okayika. Mtsikana wavala buluku, mnyamata wameta mwachilendo, Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chingerezi, basi ife tagamula kale kuti sukulu yamuononga. Ntchito imene timamupatsa ndi kunyamula mabenchi pa maliro. Pamene buku la chuma cha mpingo lili m'manja mwa mkulu amene maso adayamba kuchita nkhungu, mwana wophunzira zowerengera ndalama wakhala kumbuyo akusewera ndi foni. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu si mlendo n'komwe, ndi wathu. Mupatseni Sande sukulu. Mupatseni ana a Fomu 4 a ku sekondale yoyendera awathandize masamu m'tchalitchi momwemo masana. Mupatseni guwa Lamulungu limodzi, akalakwitsa mukamuongolere kuseri. Achinyamata amati tsabola wakale sawawa, ife timati akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tikamangoponyerana miyambi chotere tchalitchi chikutsala cha agogo ndi makanda, pakati pali mpata.

Mpata umenewu umakula kwambiri mwana akamaliza sukulu. Wabwera ndi digiri, ntchito palibe. Chaka chatha, chachiwiri chatha, makalata ofunsira ntchito akungopita osabwerera. Kugulu la ophunzira salinso, kubungwe la abambo kapena la amayi sakwanamo poti sanakwatire, kugulu la achinyamata la kumudzi kuli ana a zaka 14. Akafika pa tchalitchi aliyense funso ndi limodzi: "Nanga ntchito ija bwanji?" Pa chitukuko cha nyumba ya abusa dzina lake timalilemba m'gulu la ophunzira bwino, ndalama yake yokwererapo, chonsecho sopo akupempha kwa mayi ake. Amayamba kujomba Lamulungu limodzi, kenaka mwezi, kenaka timangomva kuti adakwera basi ya ku Joni, kapena amaswera pa sitolo akubetcha mpira pa foni. Awa ndi amene ali pa dothi long'aluka, ndipo dziwe lawo palibe amene akulisamala. Mpingo uliwonse uyenera kukhala ndi bwalo la anthu a msinkhu umenewu, okwatira ndi osakwatira, ogwira ntchito ndi ofuna ntchito, pomwe angakambirane za geni, za ulimi wa mthirira ku sikimu ya Likangala kapena ya Domasi, za chibwenzi ndi ukwati, popanda wowayang'ana m'thumba.

Ndinanena kuti Chilwa alibe potulukira. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo akamaphwa mcherewo umanka nukula. Gulu la ophunzira limene limangolandira osatulutsa limateronso: limayamba kudzimva, kuyeza anzawo kuti uyu ndi wobadwanso uyu ayi, kukangana ndi gulu la mpingo wina polimbirana holo. Potulukira pake pali pafupi. Kuchokera mu mzinda wa Zomba kufika pa Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30 okha. Pa nyanjapa pali anyamata a msinkhu wanu womwewo amene amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa njedza, masabata angapo osaponda kumtunda. Ambiri sukulu adalekeza kupulayimale. Ndalama imabwera lero nsomba zikagwidwa, mawa yapita ku mowa ndi akazi oyendayenda. Madzi amene amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo, n'chifukwa chake kolera sasowa kuno. Mu 2016 a zaumoyo adachita kukwera mabwato kukapereka katemera wa kolera kuzimbowera komweko. Iwo adafikako. Ife a mpingo timadikira kuti anyamatawo atipeze pa benchi Lamulungu atavala jekete.

Ophunzira amabwera ndithu nthawi zina, ndisawanamizire. Amafika Lachisanu pa lole ndi jenereta, amalalika usiku uwiri, amawerenga manja okwezedwa, amajambula zithunzi za pa Facebook, Lamulungu madzulo apita. Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wauma. Chaka chamawa amasankha mudzi wina. Amene adakweza manja aja amatsala opanda wowafunsa, ndipo nthawi zina alaliki achinyamatawo amasiya atanyoza Asilamu pa sipika, osadziwa kuti kuno Mkhristu ndi Msilamu ndi pachibale, amakwera bwato limodzi, amaikana maliro. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, koma pano mlomowo umatsata ife otsala. Ndikadakonda mukadasankha mudzi umodzi, n'kumabwerako holide iliyonse zaka zinayi, anthu asanu okha, opanda jenereta. Muzigona m'nyumba za akhristu, muzidya zimene tikudya. Wophunzira unamwino ku Malosa kapena ku Zomba aphunzitse za madzi akumwa, wophunzira uphunzitsi ku Domasi aphunzitse anyamata a m'zimbowera kuwerenga nthawi ya dzinja makoka akaletsedwa, wa zamalamulo athandize mayi wamasiye amene akulandidwa munda. Baibulo mudzalitsegula pa mkeka, ndipo adzakumverani chifukwa adzakhala akukudziwani mayina. Nanunso mudzaphunzira. Msodzi amene adaona nyanja ikuphwa katatu n'kukhalabe ndi chiyembekezo ali ndi za Mulungu zimene m'kalasi mulibe.

Mdzukulu wanga anamvetsera zonsezi ali chete, akutokosa mchenga ndi kamtengo. Kenaka anati, "Koma agogo, anzanga akaona holo ili theka adzati ndalephera." Ndinamuuza kuti adzaterodi. Mafumu amene adaletsa katupe mu 1995 palibe adawaombera m'manja chaka chimenecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anabwerera kusukulu ndi thumba la ufa, kambale ka matemba ouma ndi kope latsopano limene ndinamugulira pa Govala. Sabata yatha anandiimbira foni. Kiyibodi sanagulebe, komiti ikukanganabe. Koma m'kope muja mayina ayamba kulowa, ndipo apeza kale ana awiri amene eni nyumba anawapatsa masiku oti atuluke.

Inu abusa ndi akulu a mpingo a m'mbali mwa Chilwa, mayina a ana osankhidwa kupita kumakoleji akatuluka chaka chino, musangowaimika kutsogolo n'kuwaombera m'manja. Alembereni kalata ya mpingo, tengani manambala awo a foni, ndipo musankhe munthu mmodzi mumpingo woti aziwaimbira mwezi uliwonse kuwafunsa ngati adya.